Tambala wa ku Kamwendo

Ndinamugula pa msika wa Kamwendo
atamangidwa miyendo ndi luzi,
ali phee m'dengu ngati wamasiye.
Ndinawerenga makwacha zikwi khumi ndi ziwiri
n'kulandira tambala mmodzi.
Wogulitsayo sanandiyang'ane m'maso.
Lero ndikudziwa chifukwa chake.

Zaka makumi atatu ndinkadinda makalata pa positi,
dzanja langa limadziwa sitampa, osati nthenga.
Nditapuma ndinati basi,
kakhola kuseri kwa nyumba, misoti isanu,
dzira la m'mawa losagula pa okala.

Sabata yoyamba anali mlendo,
madeya ankadya mwamanyazi.
Yachiwiri anayamba kundiyeza ndi diso limodzi,
akuyenda chammbali, phiko likukwekwereza fumbi.
Ine n'kumati akundivinira.
Ndinamuwombera m'manja, chitsiru ine.

Lachitatu m'mawa, ndowa ili m'manja,
ndinangomva phuu! kumbuyo,
kenako moto pakatumba.
Ndowa uko, patapata uko,
ine liwiro la mtondo wadooka mpaka pakhonde.
Munthu wa imvi, wolandira penshoni,
kuthamangitsidwa ndi ndiwo
pabwalo pake pomwe.

Malangizo anabwera osaitanidwa.
A Kachingwe, mutu uli pamwamba pa mpanda:
"Tambala wamwano, achimwene,
mankhwala ake ndi tomato ndi anyezi."
A Nachisale anati akazi amuchepera,
ndimugulire ena, mtima ukhala pansi.
Mnyamata wa zaulimi, asanatsike n'komwe pa njinga yamoto:
"Mukamumenya mwavomera ndewu.
Mukathawa mwamupatsa ufumu."
Ndisamenye, ndisathawe.
Ndiime tsono ngati chikwangwani cha pa boda?

Ndinayesa ambulera, anaibowola.
Ndinabwereka majombo mwezi wa Okutobala,
mapazi akuphikika m'thukuta.
Kuchimbudzi ndinkapita ndi chivundikiro cha poto kumanzere,
tsache kumanja,
ana a sukulu akundiwonera m'mipata ya udzu.
Mpeni ndinaunola kawiri.
Kawiri konse ndinasendera mbatata.

Koma Sekanawo, mdzukulu wanga wa sitandade folo,
amalowa m'kholamo osavala kanthu kumapazi,
n'kutuluka ndi mazira atatu m'siketi,
chigawengacho chikungotola zake.
Ndinamufunsa mankhwala amene anadya.
Anati, "Agogo, inu mumalowa ngati wokhometsa msonkho,
kiyi ali gobede gobede m'thumba.
Mumagwira thadzi lija lamawanga
kulipapasa ngati lili ndi dzira,
ilo n'kumakuwa.
Agogo aakazi akanakuwa choncho
inu mukanangoyang'ana?"

Sindinayankhe.
Agogo akewo anapita chaka chatha, mvula isanagwe,
ndipo nkhukuzi ndinagula
kuti kuseri kwa nyumba kuzimveka mawu.

Tsopano ndimalowa mochedwa, ngati m'tchalitchi,
kiyi ndimasiya patebulo.
Mathadzi sindiwagwira iye akuona.
Akadzutsa nthenga za m'khosi ndimaima njii,
mawondo akunjenjemera m'buluku,
kenako ndimamubudukira, kumupanikiza m'khwapa
n'kuyenda naye kuzungulira bwalo,
kuchoka pa mpapaya kufika pa thandala,
kamtima kake kakugunda panthiti zanga
ngati wotchi yotsika mtengo.
Ndimamuuza mitengo ya feteleza.
Amamvetsera kuposa a Kachingwe.

Musaganize kuti watembenuka mtima.
Dzana anandijomphanso pachala
chifukwa ndinayetsemula.
Chipsera cha pakatumba chidakalipo,
chidindo chake, chopanda deti.

Dzulo madzulo ndili naye m'khwapa chomwecho,
munthu wa njinga wopita ku Mkanda anaima pamsewu,
madengu awiri a nkhuku ali pakaliyala.
"Madala, ameneyo ndi zingati?"
Ndinayang'ana lipombo lofiira lija,
ndi diso lija losadziwa kupepesa,
ndipo ndinatchula mtengo wa mbuzi.